Mmene ndinakonzera gasiketi ya silinda hedi pakhomo

Galimoto yanga inayamba kutentha kwambiri, madzi a mu radiyeta ankatha popanda podontha paliponse, ndipo ku ekizozi kunkatuluka utsi woyera wochuluka. Ndinasintha thermostat (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini), kenako chivundikiro cha radiyeta, koma vuto linakhalapobe.

Chimene chinaulula vutolo ndi thovu. Nditatsegula radiyeta injini ili yozizira n'kuliza galimoto, madzi ankatulutsa thovu mosalekeza, kusonyeza kuti mpweya wa mu silinda ukulowa m'njira za madzi. Pansi pa chivundikiro cha oyilo panali zonanda zooneka ngati mkaka, ndipo pulagi ya silinda yachitatu inali yoyera ngati yochita kutsukidwa.

Ndinachotsa batire, kukhetsa madzi ndi oyilo, kuika zizindikiro pa lamba wa timing (lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka mavavu ndi mapisitoni), kenako ndinamasula mabawuti a hedi (gawo la pamwamba pa injini lovundikira masilinda) pang'onopang'ono kuyambira kunja kulowera pakati. Gasiketi, imene imatseka mpata wa pakati pa hedi ndi thunthu la injini kuti mpweya, madzi ndi oyilo zisasakanikirane, inali itapsa pafupi ndi silinda yachitatu ija.

Apa ndi pamene ambiri amapupuluma n'kungoika gasiketi yatsopano. Ine nditapala zotsalira zonse, ndinagoneka rula yachitsulo yowongoka pa hedi n'kuyeza mpata ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mipata), ndipo unaposa 0.05 mm imene buku la galimoto yanga limalola. Hediyo inali itapindika ndi kutentha, choncho ndinaipereka kwa odziwa kuisalaza pa makina; ndikanapanda kutero, gasiketi yatsopanoyo ikanapsanso.

Pobwezera ndinagwiritsa ntchito mabawuti atsopano, ndipo ndinawamanga ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti) kuyambira pakati kupita kunja, m'magawo amene bukulo likunena. Nditathira oyilo ndi madzi atsopano n'kutulutsa mpweya wotsalira, thovu lija silinabwerenso.