Kakonzedwe ka mlaza wolukira mkeka, osapha mtengo wake

Anthu ambiri amangoona mkeka watha kale koma ntchito yeniyeni imayambira kutchire pa mtengo wa mgwalangwa, ndipo mlaza ukalakwika podula ngakhale mukhale katswiri woluka bwanji mkekawo sukhalitsa.

Choyamba sankhani tsamba loyenera. Musadule lija latambasuka kale ayi, limenelo ndi lokhwima limathyokathyoka. Mukufuna lapakati lija lomwe langotuluka kumene, lidakali lopindana losongoka ngati mkondo, mkati mwake muli moyera motuwira. Lowetsani dzanja mosamala chifukwa mapesi ake ali ndi minga yokhota, ikakugwirani mkono imang'amba ndithu. Dulani ndi mpeni wakuthwa chapamwamba pang'ono, musafike pamtima pomwe masamba amaphukira. Apa ndi pomwe ine zimandipweteka abale, munthu kufika nkudula nsonga zonse pa tsinde limodzi, kenako nkumadabwa kuti mlaza ukusowa. Mgwalangwa umakula pang'onopang'ono kwambiri, tengani limodzi mupite pa tsinde lina, lotsatira kuphuka mulisiye litambasuke lidyetse mtengo.

Mukafika nawo, tambasulani tsamba lija mulekanitse timasamba take nkuyanika padzuwa masiku angapo, uku mukutembenuza mpaka usanduke woyera mbee. Madzulo muziulowetsa, mame ndi mvula zimaudetsa ndipo umachita chuku. Ukauma chotsani kamsana kolimba kaja ka pakati, musataye, timeneti mukatimanga pamodzi ndi tsache labwino zedi. Zotsalazo ng'ambani ndi nsonga ya mpeni kapena chikhadabo kuti timizere tonse tifanane kukula, tikasiyana mkeka umapindika mbali imodzi ndipo sugona bwino pansi.

Musanayambe kuluka wazani timadzi kapena kulungani m'nsalu yonyowa kwa kanthawi kuti ufewe, wouma gwa umathyoka m'manja. Ofuna mitundu awiritse mlaza m'madzi a utoto nkuuyanika pamthunzi. Ndiye mumaluka lamba wautali kwambiri, kamzere kakamatha mumalowetsa kena pansi pake nkupitiriza, pamapeto mumasoka malambawo m'mbali ndi singano yaikulu, kokani ulusi molimba koma osafinya. Lamba yemweyo mukamusoka mozungulira amatuluka chipewa kapena kadengu.

Zipatso zake nazonso musazinyoze, khungu lofiira lija limatsekemera pokukuta, ndipo njere yamkati ndi yoyera yolimba ngati mnyanga mpaka anthu amasema mabatani. Zimatenga pafupifupi zaka 2 kuti zipse, ndipo zimabala pa mtengo waukazi wokha, waumuna umangotulutsa maluwa, ndiye musaugwetse poganiza kuti ndi wosabereka. Za uchema, mowa uja wochokera ku madzi a mtengowu, zokhazo ndingoti samalani, chifukwa pogoma amasenga nsonga yomwe ija yophukira masamba tsiku ndi tsiku, akapitirira nayo tsinde limauma lonse.