Momwe mungayendetsere kafukufuku wolumikiza masamu, fizikisi, bayoloje ndi uinjiniya pa yunivesite

Pa yunivesite maphunziro amagawidwa m'madipatimenti, moti wophunzira masamu atha kumaliza zaka zake zonse osapondako mu labotale ya bayoloje ngakhale kuti ili kuseri kwa khoma la kalasi yake. Kugawa kotere kumathandiza pophunzitsa, koma chilengedwe sichinagawidwe motero. Magazi oyenda m'thupi ndi nkhani ya bayoloje, kayendedwe kake kamatsata malamulo a fizikisi, malamulowo amalembedwa m'masamu, ndipo chipangizo choyezera kuthamanga kwa magaziwo chimapangidwa ndi mainjiniya. Malangizo awa ndi a wophunzira kapena mphunzitsi amene akufuna kuyamba kafukufuku wodutsa malire a maphunziro anayiwa. Zomwe ndaona n'zakuti kafukufuku wotere sagwa kawirikawiri chifukwa choti wina mwa ofufuza sadziwa ntchito yake, koma amagwera polumikizira, pamene ntchito ikuchoka m'manja mwa wina kulowa m'manja mwa mnzake. N'chifukwa chake malo amenewa ndi omwe ndichedwepo kwambiri.

Kuti malangizowa asakhale a m'malere, titsatira chitsanzo chimodzi: gulu la ofufuza lomwe likufuna kudziwa ngati kulira kwa mapiko a udzudzu kungathandize kuzindikira mtundu wake popanda kuugwira.

Yambani ndi funso lomwe lingayankhidwe poyeza

Choyamba n'kuchepetsa funso mpaka likwane m'manja. Kunena kuti mukufufuza za udzudzu ndi malungo n'kutchula mutu chabe, ndipo mutu wotere utha kudya zaka zambiri osabala kanthu. Funso lenileni limatchula chomwe chiyezedwe, chomwe chiyerekezedwe ndi chinzake, komanso chomwe mungaone ngati ganizo lanu lili lolakwika. Gulu lathu lingafunse kuti: kodi udzudzu waukazi wa mitundu iwiri, wouluka m'chipinda chotentha mofanana, umakupiza mapiko mosiyana kokwanira kuti chipangizo chiusiyanitse? Lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi ndipo mukaliwerengere munthu wa dipatimenti ina. Akalephera kukubwezerani funsolo m'mawu akeake, dziwani kuti silinapse.

Werengani, makamaka kunja kwa phunziro lanu

Chachiwiri n'kufufuza zomwe ena anachita kale, ndipo apa ambiri amangowerenga magazini a sayansi a phunziro lawo lokha. Mbiri ya makina a CT, omwe madokotala amaunikira m'kati mwa thupi, imaonetsa mtengo wa chizolowezi chimenechi. Mu 1956 Allan Cormack, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Cape Town, ankathandiza pa chipatala cha Groote Schuur, ndipo anayamba kudzifunsa momwe munthu angadziwire za m'kati mwa thupi poyeza kuchuluka kwa X-ray yomwe yadutsa kuchokera mbali zosiyanasiyana. Anakonza yekha masamu ake n'kuwafalitsa mu 1963 ndi 1964, koma anthu ochepa okha ndi omwe analabadira. Patapita zaka zoposa khumi chiyambire ntchitoyo, anamva kuti katswiri wa masamu Johann Radon anali atayankha kale funso lomwelo mu 1917. Uku ku England, injiniya Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI anapanga makina enieniwo osadziwa za ntchito ya Cormack, ndipo wodwala woyamba anaunikidwa nawo ku London mu 1971. Cormack ndi Hounsfield analandira mphotho ya Nobel ya zamankhwala mu 1979, ngakhale kuti panalibe dokotala pakati pawo. Yankho linalipo kwa zaka zoposa 50, koma linali m'magazini omwe ofuna yankholo sankawerenga.

Choncho mukamasaka pa Google Scholar kapena PubMed, masamba a pa intaneti osakirapo malipoti a kafukufuku, musakhutire ndi mawu omwe munaphunzira m'kalasi mwanu. Pitani kwa mphunzitsi wa masamu, mumufotokozere vuto lanu m'mawu wamba, ndipo mumufunse kuti anzake amalitcha chiyani. Gulu lathu lofufuza za udzudzu likatero lidzauzidwa kuti kugawa phokoso m'zigawo zake ndi njira yakale ya Joseph Fourier, yomwe anaifalitsa mu 1822, ndipo mapulogalamu aulere monga Python ndi R amaichita m'kanthawi kochepa.

Gwirizanani pa mawu ndi pa miyezo ntchito isanayambe

Mukapeza anzanu ogwira nawo ntchito, msonkhano woyamba usakhale wogawana zipangizo koma womvana. Mawu amodzi amanyamula matanthauzo osiyana m'maphunziro osiyana, ndipo vuto lake n'lakuti aliyense amagwedeza mutu poganiza kuti wamva. Liwu lakuti vector kwa wa bayoloje ndi kachilombo konyamula matenda, monga udzudzu womwewo, pamene kwa wa masamu ndi wa fizikisi ndi chinthu chokhala ndi kukula komanso kolowera. Liwu lakuti cell kwa wa bayoloje ndi kachigawo kamoyo ka thupi, pamene kwa injiniya wa zamagetsi ndi gawo la batire. Tsegulani tsamba limodzi lomwe aliyense azilembapo mawu ndi matanthauzo omwe gulu lagwirizana, ndipo lizikula pamene ntchito ikupita.

Miyezo ndiye yofunika kusamala koposa. Mu September 1999 chombo cha NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chikufika ku pulaneti ya Mars, chifukwa pulogalamu ina inkapereka mphamvu mu muyezo wa pound pamene olandira ziwerengerozo ankayembekezera muyezo wa newton, ndipo pound imodzi ya mphamvu ndi pafupifupi ma newton 4.45. Mbali iliyonse inawerengera bwino payokha, cholakwika chinali pakati. Lamulo la gulu lanu likhale lakuti nambala iliyonse iziyenda ndi muyezo wake, ngakhale pamutu pa mzere wa ziwerengero mu kompyuta.

Pa msonkhano womwewo kambiranani za mayina odzalembedwa pa lipoti. Nkhaniyi imaoneka yochititsa manyazi kuikamba ntchito isanayambe, koma imawawa kwambiri ikakambidwa zotsatira zitatuluka. Miyambo yake imasiyananso: a masamu nthawi zambiri amandandalika mayina motsatira alifabeti, pamene a bayoloje amaika patsogolo amene wagwira ntchito yaikulu ndipo mtsogoleri wa labotale amakhala kumapeto.

Werengerani papepala musanagule chipangizo

Chotsatira n'kupanga modelo, kutanthauza chithunzithunzi cha vuto lanu cholembedwa m'masamu, chosiya zambiri n'kusunga zofunika zokha. Modelo yoyamba ikhale yophweka moti aliyense m'gulu atha kuitsatira pabolodi. Ronald Ross, yemwe mu 1897 anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India, anadzagwiritsa ntchito masamu osavuta kuonetsa kuti sipafunika kupha udzudzu wonse kuti malungo athe, koma kuuchepetsa mpaka utsike pansi pa mlingo wina. Mfundo imeneyi sakanaiona pa maikulosikopu.

Kuwerengera kumatetezanso ndalama za kafukufuku. Udzudzu umakupiza mapiko maulendo mazana angapo pa sekondi, ndipo kulira kwake kumakhalanso ndi timawu tapamwamba tomwe ndi kuwirikiza kwa liwu loyambalo. Lamulo la kajambulidwe ka phokoso limati chipangizo chizitenga muyezo maulendo oposa kawiri kunjenjemera kwa pa sekondi kwa liwu lapamwamba lomwe mukufuna kulisunga. Ngati gulu likufuna kumva mpaka kunjenjemera kwa maulendo 3,000 pa sekondi, chipangizo chiyenera kuyeza maulendo oposa 6,000 pa sekondi. Injiniya akadziwa nambala imeneyi pachiyambi sangagule chipangizo choperewera, komanso sangawononge ndalama pa chipangizo choposa chomwe ntchito ikufuna.

Pezani chilolezo

Ngati kafukufuku wanu akhudza anthu, nyama, magazi kapena tizilombo toyambitsa matenda, lembani pempho ku komiti ya yunivesite yoona za chitetezo ndi ufulu wa okhudzidwa, ndipo musayambe kuyeza chilolezo chisanatuluke. Malamulo ambiri okhudza kafukufuku pa anthu amatsamira pa mgwirizano wa ku Helsinki wa 1964. A masamu ndi mainjiniya ambiri sanazolowere khomo limeneli, choncho wa bayoloje awatsogolere msanga, poti mayankho a komiti amatenga nthawi.

Konzani kayesedwe, ndipo yesani chipangizo chomwe

Itanani katswiri wa ziwerengero musanayeze kanthu, osati mutamaliza. Njira zomwe katswiri wa ziwerengero Ronald Fisher analimbikitsa atayamba ntchito ku Rothamsted, malo ofufuzira za ulimi ku England, mu 1919 zidakagwirabe ntchito m'maphunziro onse: kubwereza kuyesa kangapo, kukhala ndi gulu loyerekezera, ndi kusankha mwamaere chomwe chiyesedwe poyamba. M'chitsanzo chathu muli misampha iwiri yomwe wa phunziro limodzi payekha sangaione. Injiniya atha kujambula udzudzu umodzi maulendo 100 n'kusangalala kuti ali ndi miyezo 100, koma wa bayoloje adzamuuza kuti ali ndi udzudzu umodzi basi, ndipo sangadziwe kusiyana kwa mitundu ngati sanaone kusiyana kwa udzudzu wa mtundu umodzi. Msampha wachiwiri ndi kutentha, chifukwa udzudzu umakupiza mapiko mofulumira kukamatentha. Gulu likajambula mtundu woyamba m'mawa ndipo wachiwiri masana, lidzakhala layeza kusiyana kwa m'mawa ndi masana. Kusakaniza mitunduyo mwamaere tsiku lonse, ndi kulemba kutentha kwa chipinda pa muyezo uliwonse, kumachotsa vutoli. Udzudzu waumuna ndi waukazi usasakanizidwenso, poti waumuna umalira mokwera kuposa waukazi.

Chipangizo nachonso chiyesedwe ndi chinthu chomwe yankho lake mukulidziwa kale, monga liwu lopangidwa ndi kompyuta lomwe kunjenjemera kwake n'kodziwika. Mu 2011 ofufuza a kafukufuku wa fizikisi wotchedwa OPERA analengeza kuti tinthu totchedwa neutrino, totumizidwa kuchokera ku labotale ya CERN pafupi ndi Geneva kupita ku labotale ya Gran Sasso ku Italy, mtunda wa makilomita 730, tikuoneka kuti tikufika msanga kuposa kuwala, zomwe malamulo odziwika a fizikisi salola. Anachita bwino kupempha anzawo kuti awathandize kusaka cholakwika, ndipo mu 2012 zinadziwika kuti chingwe china cholumikiza GPS ndi wotchi yawo sichinamangidwe bwino. Zotsatira zikakhala zodabwitsa kwambiri, yambani kukayikira chipangizo musanakayikire malamulo a chilengedwe.

Lembani zonse tsiku lomwelo

Khalani ndi kope la labotale, ndipo muzilembamo tsiku, amene wayeza, chipangizo chomwe chagwiritsidwa ntchito, ndi chilichonse chachilendo, ngakhale kuzima kwa magetsi kapena kusintha kwa batire. Ziwerengero zoyambirira zisakhudzidwe, zisungidwe malo awiri osiyana, ndipo kukonza kulikonse kuzichitikira pa zokopera zake. Ndinaonapo gulu lina likutaya ntchito ya miyezi ingapo chifukwa wolemba pulogalamu anachotsa miyezo yomwe inkaoneka yolakwika osauza anzake, ndipo pambuyo pake panalibe wokumbukira kuti yochotsedwayo inali iti. Mapulogalamu a gulu asungidwe ndi chida monga Git, chomwe chimaonetsa amene anasintha mzere uliwonse ndi tsiku lake.

Lolani zoyezedwa ziweruze modelo

Mukasonkhanitsa miyezo, patulani gawo lina lomwe simuligwiritsa ntchito pokonza modelo, kuti mudzaiyesere pa zomwe sinaonepo. Pa udzudzu, gawo lopatulalo likhale la udzudzu wina, osati zidutswa zina za kulira kwa udzudzu womwe uja. Chitsanzo chomwe ndimachilemekeza kwambiri pa sitepe imeneyi ndi cha Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku Cambridge. Iwo anayeza magetsi mu mtsempha waukulu wonyamula mauthenga wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid, womwe ndi wonenepa kokwanira kulowetsamo kawaya, ndipo mu 1952 anafalitsa masamu ofotokoza momwe uthenga umayendera mu mtsempha. Huxley anawerengera ndi makina opukusa pamanja kwa milungu ingapo. Masamuwo analosera kuti uthenga uyenda mamita 18.8 pa sekondi, pamene muyezo weniweni unali mamita 21.2, ndipo iwo analemba manambala onse awiri poyera osabisa kusiyana kwake. Inunso modelo ikasemphana ndi miyezo, musathamangire kuipinda kuti igwirizane. Khalani pansi nonse, chifukwa wa bayoloje atha kudziwa chomwe modelo yasiya, ndipo injiniya atha kudziwa pomwe chipangizo chimafooka.

Lembani lipoti loti onse alimve

Sankhani magazini ya sayansi musanayambe kulemba, poti owerenga ake ndi omwe akuuzeni mawu ofunika kuwamasulira. Chenjerani ndi magazini omwe amatumiza makalata olonjeza kufalitsa m'masiku ochepa mukalipira, chifukwa kuunika kwenikweni kwa akatswiri anzanu kumatenga milungu kapena miyezi. Pamene mukudikira, mutha kuika lipoti lanu pa masamba a pa intaneti osungira malipoti osaunikidwa: pa arXiv, yomwe inayamba mu 1991 ndipo imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi a masamu ndi fizikisi, kapena pa bioRxiv, yomwe inayamba mu 2013 kuti ithandize a bayoloje. Ngati zotsatira zaonetsa kuti mitundu iwiri ya udzudzu ija singasiyanitsidwe ndi kulira kokha, lembani zomwezo, kuti gulu lina lisadzawononge chaka pa njira yomweyo. Musanatumize, perekani gawo la masamu kwa wa bayoloje ndi gawo la bayoloje kwa injiniya, aliyense alembe chizindikiro pa chiganizo chomwe wakakamira, ndipo mukonze ziganizo zimenezo kufikira wowerengayo atatha kufotokoza yekha zomwe gawolo likunena.