Opita ku nyanja ku Salima, mverani izi

Anzanga a kuno ku Chipata amene mukukonza zodutsa boda ya Mwami kupita ku Senga Bay pa holide, chonde kumbukirani kuti ife tinakula tikusambira mu Lunkhwakwa ndi m'madamu basi, nyanja sitiidziwa. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mphepo ya mwera, mafunde ake amakula zoopsa, ndipo anyamata ambiri amafuna kukwera pa chubu kapena pa bolodi kuti ajambulitse za pa Facebook, koma funde likakugwetsa limakukokera mkati usanapume nkomwe. Mukafika yang'anani asodzi kaye, ngati akokera mabwato awo kumtunda inunso musalowe, boti lopanda laifi jaketi musakwere olo akutsitsireni mtengo. Mowa pambuyo, osati musanalowe m'madzi.

Chinanso chimene chimandiwawa ine, timasiya mabotolo ndi mapulasitiki pamchenga pomwe anthu amakokera makoka ndi kuyanika usipa pathandala, pamenepo mpamene amapezera ndalama ya fizi ya ana. Tolani zinyalala zanu mubwerere nazo.

Mukabwerera kuno pitani kuchipatala akakuyezeni likodzo, mankhwala ake ndi praziquantel.