Kuchepetsa thupi koma ukukhuta

Amene mukufuna kuchepako thupi musamadzizunze ndi njala ayi, mukadumpha chakudya masana madzulo mumadya mobwezera. Mimba siwerenga makalori (muyezo wa mphamvu zomwe thupi limapeza m'chakudya, zikachuluka munthu amanenepa), chomwe imamva kwambiri ndi kudzadza, ndiye idzadzeni ndi zakudya zamadzi ambiri monga masamba, zipatso ndi supu.

Taonani izi, galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 pomwe ya shuga kapena mapuloteni ndi 4 basi, madzi alibe olo imodzi. Supuni yayikulu ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120, kabichi wa magalamu 100 ndi 25 yokha, mutha kudya mbale yodzadza osadandaula. Mbatatesi yowiritsa ilibe vuto kwenikweni koma mukangoikazinga kukhala chipisi makalori amakwera kuposa katatu chifukwa madzi atuluka mafuta alowa.

Ndiye theka la mbale likhale masamba ndipo muziyamba kudya amenewo. Lalanje idyani lathunthu, juwisi amangodutsa osakhutitsa, chimodzimodzi zakumwa zashuga ndi mowa, anthu ambiri amaiwala kuziwerengera zimenezi. Mafuta musawasiyiretu thupi limawafuna, kungoti muziyeza ndi supuni osati kungothira kuchokera m'botolo.