Momwe mungagwiritsire ntchito mabatire otchaja pa wailesi, tochi ndi zipangizo zina za pakhomo

Ndalama ya mabatire imachoka m'thumba pang'onopang'ono moti simuiona. Lero awiri a tochi, mawa anayi a wailesi, mkucha mwana walira kuti galimoto yake yachidole yasiya kuyenda. Magetsi akayamba kuzimazima, ngati mmene zinalili mu 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, tochi imayaka usiku uliwonse ndipo ulendo wa kugolosale sukutha. Mabatire otchaja amachepetsa vutoli kwambiri, koma ambiri amene anawayesapo amanena zofanana, kuti anagula koma sanakhalitse. Kawirikawiri amene amapha mabatirewo ndi tchaja yotchipa, kapena mwini wake amene anaika batire m'chipangizo chosayenera. Tiyeni tione mmene mungapewere zonsezi kuyambira tsiku logula.

1. Yambani mwaona zimene zimadya mabatire m'nyumba mwanu

Tsegulani kachitseko ka mabatire pa chipangizo chilichonse, muone kukula kwake ndi chiwerengero chake. Aang'ono kwambiri a mu rimoti ndi AAA. Apakati, amene amalowa m'matochi ambiri ndi mu wotchi ya pakhoma, ndi AA. Akuluakulu a wailesi zachikale aja ndi D.

Kenaka dzifunseni kuti ndi ziti zimene zimakutumani kugolosale pafupipafupi. Tochi, wailesi yoyankhula kuyambira m'mamawa mpaka usiku, zidole zokhala ndi kamota, makina ometera ndevu, maikolofoni opanda waya a kutchalitchi kapena kumzikiti: izi ndiye zofunika mabatire otchaja, ndipo ndalama yanu ibwerera msanga. Wotchi ya pakhoma ndi rimoti ya TV zimadya pang'ono kwambiri, batire wamba limatha kukhalamo miyezi yambirimbiri, choncho musayambire kumeneko.

Timabatire tooneka ngati ndalama yachitsulo, monga CR2032 ta m'makina oyezera shuga ndi m'makiyi a galimoto, sitotchaja ayi. Pa makina oyezera BP werengani kaye kabuku kake, chifukwa opanga ena amafuna kuti muziikamo mabatire wamba osatchaja a mtundu wa alkaline okha.

2. Dziwani mtundu umene mukugula

Pa zipangizo za AA ndi AAA, funani mabatire olembedwa NiMH. Mudzaona kuti alembapo 1.2V pamene batire wamba, la Tiger Head kapena la alkaline, limalembedwa 1.5V, ndipo ena amaopa kuti ndiye kuti ndi ofooka. Zoona zake n'zakuti batire wamba limayamba pa 1.5V koma limatsika pang'onopang'ono mpaka kufika cha ku 1.0V, ndipo zipangizo zambiri zinapangidwa kuti zizigwira ntchito panjira yonseyo. La NiMH limakhazikika pafupi ndi 1.2V pafupifupi mpaka kumapeto, kenaka limagwa kamodzin'kamodzi. N'chifukwa chake tochi ya mabatire otchaja siichenjeza mwa kuchita mdima pang'onopang'ono monga tinazolowerera. Imawala bwinobwino, mwadzidzidzi yazima. Zipangizo zina zokhala ndi kachizindikiro ka batire zimaonetsa ngati latsala pang'ono kutha pamene likadali ndi moto wambiri. Zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Mukapeza olembedwa NiCd, asiyeni. Ndi akale, amasunga moto wochepa, ndipo muli cadmium amene ndi chiphe.

Apa ndiye pofunika kutchera khutu. Matochi owala kwambiri a masiku ano, mawailesi a sola ndi ma power bank ambiri amakhala ndi batire la lithium lotchedwa 18650, lalikulupo kuposa AA. Mphamvu yake ndi 3.7V ndipo likadzadza limafika 4.2V. Lilipo linanso la lithium lotchedwa 14500, limene kukula kwake n'kofanana ndendende ndi AA, koma nalonso ndi la 3.7V. Mukaliika mu wailesi yofuna AA, lilowa bwinobwino n'kuiwotcha. Musadalire maso okha, werengani manambala olembedwa pa batirelo.

Aliponso ma AA a lithium okhala ndi kabowo ka USB pa batire pomwepo, otulutsa 1.5V. Ndi abwino pa zipangizo zimene zimakana 1.2V, koma ena amabweretsa phokoso la "shiii" mu wailesi, makamaka mukamamvera mawayilesi akutali.

3. Musanamizidwe ndi nambala yaikulu

Nambala ya mAh imasonyeza kuchuluka kwa moto umene batire limasunga. AA weniweni wa NiMH amakhala pakati pa 1900 ndi 2500 mAh kapena kupitirirako pang'ono, AAA pakati pa 750 ndi 1000 mAh. Batire la 18650 lenileni silipitirira kwenikweni 3500 mAh. Ndiye mukaona pamsika AA wolembedwa 4800 mAh, kapena 18650 wolembedwa 9800 mAh ndi zilembo zofiira zazikuluzikulu, dziwani kuti nambalayo ndi yokopera makasitomala basi. Kawirikawiri mabatire oterewa safika ngakhale theka la batire labwino.

Linyamuleni m'manja. AA wa NiMH wabwino amalemera magalamu oyandikira 26 mpaka 30, ndipo 18650 amalemera pafupifupi magalamu 45. Lachinyengo limapepuka moonekeratu mukaliyerekeza ndi lenileni.

Chinanso chofunika kuposa nambala ya mAh ndi mawu akuti "low self-discharge", "pre-charged" kapena "ready to use" pa paketi. Mabatire a NiMH a mtundu wakale amataya moto okha ngakhale atangokhala mu kabati, ndipo kukatentha amataya msanga, moti mumatha kuwatchaja lero n'kuwapeza ofooka mwezi wamawa magetsi atathima. Mtundu wosataya moto msangawu unatchuka ndi Eneloop, amene kampani ya Sanyo inatulutsa mu 2005 ndipo pano amapangidwa pansi pa Panasonic, koma makampani ena ambiri akupanganso otere. Kwa ine, batire la 2000 mAh la mtundu uwu limaposa la 2700 mAh lotaya moto, makamaka pa tochi imene imangodikira tsiku la mdima.

Gulani magulu awiri pa chipangizo chilichonse chofunika. Ngati wailesi imalowa anayi, gulani asanu ndi atatu, kuti ena akamagwira ntchito ena akhale pa tchaja.

4. Ikani ndalama pa tchaja

Ngati ndalama ndi yochepa, chepetsani chiwerengero cha mabatire koma musachepetse pa tchaja. Matchaja alipo a mitundu itatu.

Woyamba ndi uja wotchipa amene amangothira moto osasiya mpaka mutazula nokha. Kanyali kake kamangoyaka kofiira, kaya batire ladzadza kaya ayi. Mukaiwala, batire limatentha, ndipo kutenthako n'kumene kumalifupikitsa moyo. Ngati muli nayo kale tchaja yotere, werengerani nthawi nokha. Onani kumbuyo kwake pamene alemba kuchuluka kwa moto umene imatulutsa, mwachitsanzo 200 mA. Gawani mAh ya batire ndi nambala imeneyo, kenaka chulukitsani ndi 1.4. Batire la 2000 mAh lotheratu pa tchaja ya 200 mA lifunika maola 14. Ngati silinatheretu, maolawo achepe.

Wachiwiri ndi wokhala ndi nthawi yoikika, amene amazima yekha pakapita maola angapo. Kumaiko kumene magetsi sathimathima amagwira bwino ndithu, koma kuno ali ndi msampha. Magetsi akathima n'kuyakanso, matchaja ambiri otere amayambiranso kuwerenga nthawi pachiyambi, ndiye batire limene linatsala pang'ono kudzadza limalandiranso maola onse aja. Zikachitika kawiri katatu pa tsiku, mabatire anu akuphikidwa inu muli kuntchito.

Wachitatu, amene ndikukulangizani, ndi uja amati smart charger. Amazindikira yekha kuti batire ladzadza ndipo amasiya. Posankha, onani kuti malo a batire lililonse ali ndi kanyali kake kapena chizindikiro chake pa kagalasi. Zimenezi zikutanthauza kuti amatchaja batire lililonse palokha. Matchaja amene amafuna kuti muziika awiriawiri amavuta pakuti lina likakhala lotheratu pamene linzake lili ndi theka, limodzi limapsa kapena linalo silidzadza. Komanso matochi ambiri amalowa atatu, ndiye lachitatulo mungalitchaje ndi ndani?

Ngati n'kotheka, tengani yolandira moto kudzera pa USB. Imeneyo mutha kuilumikiza ku mutu wa tchaja ya foni, ku power bank, ku kasola ka pakhomo, ngakhale pa benchi ya otchajitsa mafoni pa tauni. Kumudzi kumene mawaya a ESCOM sanafike, iyi ndiye njira yake.

Tchaja imene m'bale wakutumizirani kuchokera kunja, muyambe mwaiwerenga. Magetsi athu ndi a 230V, ndipo masoketi athu ndi a mano atatu amakona ngati a ku Britain. Ya ku South Africa ingofuna adaputala. Ya ku America, ngati palembedwa 120V yokha osati 100–240V, ipsa mukangoilumikiza.

Tchaja ya NiMH si ya lithium, ndipo ya lithium si ya NiMH, pokhapokha palembedwa kuti imatchaja mitundu yonse iwiri. Mabatire wamba musayerekeze n'komwe kuwaika pa tchaja. Amatha kutuluka madzi owononga kapena kuphulika.

5. Potchaja

Ikani tchaja pa simenti kapena pa tebulo lopanda nsalu, osati pa matiresi, pa mkeka kapena pafupi ndi katani. Batire la NiMH likamayandikira kudzadza limafunda, ndipo zimenezo si zachilendo ayi. Koma likatentha moti simungaligwire, zulani. Magetsi akathima zulaninso tchaja pa soketi, mudikire mphindi zingapo akayaka, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Mabatire a lithium musawasiye pa tchaja usiku wonse inu mutagona, kapena m'nyumba mopanda munthu.

6. Kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku

Mabatire amene munagula limodzi akhale limodzi moyo wawo wonse. Alembeni ndi cholembera chosafufutika, gulu lina A, lina B. Musasakanize atsopano ndi akale, odzadza ndi otheka, kapena otchaja ndi wamba m'chipangizo chimodzi. Chifukwa chake n'chakuti lofooka likatheratu pamene anzake akadali ndi moto, anzakewo amalikankhira moto chambuyo ndipo limawonongeka. Pa chifukwa chomwecho, tochi ikayamba kufooka kapena wailesi ikayamba kusasa mawu, sinthani nthawi yomweyo. Osaikakamiza mpaka itatheratu. Palibenso chifukwa chodikira kuti batire la NiMH lithe kaye musanalitchaje, malangizo amenewo anali a NiCd.

Chizolowezi chathu choyanika mabatire padzuwa kapena kuwaluma kuti wailesi imalize nkhani za madzulo chithere pa mabatire a kugolosale, ndipo ngakhale pamenepo kuluma n'koopsa. Otchaja amadana ndi kutentha. Musawasiye pawindo, m'galimoto yotseka, kapena pamwamba pa khoma pafupi ndi malata m'mwezi wa October. Asungeni pamalo ozizira ndi ouma, m'kabokosi kapulasitiki. M'thumba momwe muli makiyi ndi ndalama zachitsulo musaikemo batire lopanda chokutira, poti chitsulo chikakhudza mbali zonse ziwiri limatentha mpaka kukuwotchani.

Nanga wailesi ya mabatire akuluakulu a D? Njira yosavuta ndi timachubu tapulasitiki timene mumalowetsamo AA kuti akule ngati D. Wailesi iyankhula, kungoti muzitchaja pafupipafupi. Ma D otchaja enieni amafika 8000 mpaka 10000 mAh, koma amafuna tchaja yaikulu. Mukaona D wolembedwa 2500 kapena 3000 mAh, m'kati mwake muli kabatire kakang'ono, ndipo sakusiyana kwenikweni ndi AA wa mu kachubu uja.

Nyali zotchaja zotchipa zolemererapo zija, zolumikiza pa soketi mwachindunji, zambiri zimakhala ndi kabatire ka mtovu ndi asidi, m'bale wake wa batire la galimoto. Mtundu uwu umafa ukasiyidwa wopanda moto. Muziitchaja mukangomaliza kuigwiritsa ntchito, ndipo ngakhale magetsi atakhala osathima kwa nthawi yaitali, muziipatsa moto kamodzi pa mwezi.

7. Likakalamba

Batire labwino la NiMH limatchajidwa kambirimbiri, maulendo mazanamazana, lisanatope. Mudzadziwa kuti lakalamba likayamba kudzadza msanga n'kuthanso msanga, kapena likamatentha kuposa anzake pa tchaja. Nthawi zina smart charger imakana batire limene latheratu. Liikeni kwa mphindi zochepa pa tchaja wamba ya NiMH, kenaka mulibwezere. Izi ndi za NiMH yekha. La lithium limene latupa, labooka, lachita dzimbiri kapena lang'ambika chikopa chake, lisiyeni, musayesenso kulidzutsa.

Lotha ntchito musaliponye pamoto wa zinyalala, chifukwa limaphulika, ndipo musalitaye m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime. Matani tepi ku mbali zake ziwiri, muwasonkhanitse m'botolo lapulasitiki lotseka pamalo pamene ana safikapo, ndipo mufunse kusitolo kumene munagula kapena kwa ogulitsa zipangizo za sola ngati amalandira akale. A mtovu aja ogula zitsulo zakale amawatenga, koma apatseni ali athunthu, osawaswa kapena kukhuthula asidi wake pansi.