Momwe mungatetezere tiana ta kalulu ku chisanu cha Juni ndi Julayi

Kalulu si nkhuku. Akaswa safungatira ana ake. Amalowa m'chisa kamodzi kapena kawiri pa tsiku, kawirikawiri usiku kapena mbandakucha, n'kuyamwitsa mphindi zochepa chabe, basi watuluka. Tianato timabadwa topanda ubweya, maso ali otseka, ndipo chimene chimatipatsa kutentha ndi chisa komanso kuunjikana tokhatokha. Kuno ku Mzuzu, kumene nkhungu imachedwa kuchoka ndipo kamvula kowaza kamatha kugwa tsiku lonse, chisa chikangolephera ntchito mumadzuka m'mawa n'kupeza zonse zatha. Ine ndinataya tiana tisanu usiku umodzi ku Mchengautuwa chifukwa chodalira make.

Yambani ndi kulemba tsiku limene mwamukweretsa. Bere la kalulu limatenga masiku pafupifupi 31, ndiye pa tsiku la 28 muikireni bokosi loswera. Mukaliika msanga amalisandutsa chimbudzi. Bokosi la matabwa la masentimita 45 m'litali ndi 30 m'lifupi limakwana, ndipo kutsogolo kwake kukhale kotchinga masentimita 12 kapena 15 kuti tiana tisagwere kunja. Pansi boolani timabowo tingapo totulukira mkodzo.

M'bokosimo yalani zopala za matabwa kuchokera kwa akalipentala, pamwamba pake udzu wouma wofewa, wambiri ndithu. Utuchi wosalala ngati ufa ayi, umatseka timphuno. Udzuwo muufinye m'manja kaye: ukamveka chinyezi, uyanikeni kapena ugonekeni m'khitchini. Ndi nyengo yathuyi, udzu wooneka wouma nthawi zambiri sunaume. Pakati pake bayani kadzenje ndi chibakera, zotsalazo akonza yekha. Akatsala pang'ono kuswa amadzizula ubweya wa pachifuwa ndi pamimba n'kuyala m'chisamo. Woswa koyamba nthawi zina sazula, ndiye mugwireni bwinobwino n'kumuzula pang'ono pamimba, pa nthawiyi umazuka mosavuta. Ubweya wotsala woyera muusunge m'kajumbo, udzathandiza ulendo wina.

Kenako khola. Mbali yochokera mphepo ndi mvula itchingeni ndi masaka kapena makatoni, koma musatseke ponseponse, fungo la mkodzo likadzaza limawadwalitsa chifuwa. Khola la waya pansi limalowetsa mphepo kuchokera kunsi, choncho pansi pa bokosi yalani katoni. Wamwamuna akhale kwake.

Ntchito yeniyeni ili m'mawa uliwonse, makamaka sabata yoyamba. Sambani m'manja, mupatseni make chisoso kapena kholowa kuti atanganidwe, ndipo pisani dzanja pansi pa ubweya. Pazimveka potentha ngati m'khwapa, tiana tikuphiriphitha. Tiwerengeni. Kokhuta kamakhala ndi mimba yozungulira, kanjala kamakhala ndi makwinya pakhungu. Kakufa kachotseni pomwepo, udzu wonyowa usintheni, mubwezere ubweya pamwamba. Zoti ukagwira ana a kalulu make amawakana musazitengere kwenikweni. Kalulu woweta amene anakuzolowerani sasamala zimenezo.

Yang'ananinso pansi pa khola ndi m'makona. Kamwana kamatha kutuluka kali kakamira kubere, ndipo kalulu sanyamula mwana kumubwezera m'chisa ngati mphaka. Mukakapeza kozizira, kouma gwa, musafulumire kukataya. Kaikeni mkati mwa malaya, khungu kukhungu, kapena thirani madzi ofunda m'botolo la Sobo, likulungeni ndi chitenje, kamwanako kagone pambali pake. Madziwo akhale oti dzanja lanu likupirira bwinobwino. Tambiri timayamba kusuntha pakapita kanthawi. Musakayamwitse kakadali kozizira, ndipo musakabwezere kwa anzake kasanatenthe, kangawazizilitse nawonso.

Mbaula m'khola kapena m'chipinda chotseka ayi ndithu. Utsi wa makala umapha munthu wamkulu, nanji kanthu kochepa ngati chala chachikulu. Usiku ukazizira modetsa nkhawa, nyamulani bokosi lonse mulowe nalo m'nyumba, pamalo posafika makoswe ndi mphaka, ndipo mbandakucha mukalibwezere kuti make ayamwitse. Ena amaseka, koma zimathandiza.

Akaswa tiwiri tokha, kutentha sikukwana. Ngati pali wamkazi wina amene waswa masiku awiri kapena atatu omwewo, tisakanizeni ndi take, mutipake ubweya wa m'chisa chatsopanocho, ndipo muchite izi m'mawa make atayamwitsa kale.

Make asasowe madzi akumwa ngakhale kukuzizira, ndipo muonjezere madeya ndi masamba, chifukwa mkaka ndiwo nkhuni za tianato. Pakatha sabata ubweya umakhala utamera, cha pa tsiku la 10 maso amatseguka, ndipo pofika masabata atatu timayamba kudumphira kunja n'kumalawa za make. Mu Julayi bokosi musalichotse msanga, ligonekeni cham'mbali kuti tizilowa ndi kutuluka tokha.