Makuponi a ku America si a feteleza, koma abodza aliponso

Kwathu tikati makuponi, maganizo amathamangira ku feteleza: mzere wa padepoti, mavenda akuzungulira kunyengerera agogo kuti awagulitse pepalalo. Kuno ku America makuponi ndi a m'sitolo. Ndi kapepala kokuchotserani dola imodzi pa sopo wochapira kapena madola awiri pa matewera a mwana, ndipo kwa munthu amene akulipira lendi kwinaku akutumiza kangachepe kumudzi, si zachibwana.

Yambani mwaona mwini wake wa kuponiyo. Ina ndi ya sitolo, ina ndi ya kampani yopanga katunduyo, ndipo pamwamba pake pamalembedwa kuti Manufacturer Coupon. Ya kampaniyi ili ngati cheke. Sitolo ikakuchotserani mtengo, imatumiza pepalalo kuti ibwezeredwe ndalama, ndipo likapezeka kuti ndi labodza, yaluza ndi sitoloyo. N'chifukwa chake wa pakauntala amalitembenuza uku ndi uku ngati K5,000 yokayikitsa. Musaganize kuti wakuonerani m'munsi.

Makuponi opulinta nokha kunyumba ndiwo amakayikiridwa kwambiri. Pawebusayiti ya makuponi ya Coupons.com nthawi zambiri amalola kupulinta kuponi imodzi kawiri basi, ndipo pepala lililonse limatuluka ndi nambala yakeyake. Ine chaka changa choyamba sindinkadziwa zimenezi. Ndinapulinta imodzi ya mafuta odzola, n'kukaichita fotokope katatu, ndikudziona wochenjera. Pasitolo ina mtsikana wa pakauntala anayala mapepala awiri moyandikana, n'kuloza ndi chikhadabo manambala ofanana aja, osalankhula kanthu. Kenako anaitana manijala. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu ndi matrole awo, ine thukuta kamukamu m'nyengo yozizira. Anandisiya poona kuti unali umbuli chabe, koma anandiuza mosapsatira kuti fotokope ya kuponi ndi chinyengo.

Malamulo amasiyana sitolo ndi sitolo. Walmart salandira kuponi yopulinta yonena kuti katundu ndi waulere popanda kugula china, ndipo ikakana kuwerengeka pamakina, yakanika basi. Kuyambira 2023 salolanso makuponi ofanana opitirira anayi patsiku, ndipo sakubwezerani chenji ngati kuponi yaposa mtengo wa katunduyo. Target ndi CVS amalola kuphatikiza ya kampani imodzi ndi ya sitolo imodzi pa chinthu chimodzi. Costco salandira makuponi a makampani n'komwe. Malamulowa amasintha, choncho werengani coupon policy pawebusayiti ya sitoloyo musananyamuke.

Timalemba ting'onoting'ono tija werenganinso. Kuponi ya botolo lalikulu simungagulire laling'ono, ngakhale makina atailola. Ndipo deti lothera lakola Amalawi ambiri: kuno amayamba ndi mwezi, ndiye 03/10 ndi 10 Marichi, osati 3 Okutobala.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa makuponi oyenda m'magulu athu a WhatsApp ndi pa Facebook. Mlongo wa kutchalitchi watumiza chithunzi ndi mtima wabwino, akuti pulintani mukatenge sopo wochapira wa Tide waulere. Kuponi yeniyeni siyenda ngati chithunzi kapena PDF, ndiponso sigulitsidwa. Zimenezi zimalembedwa papepala lomwelo. Mu 2019 Costco inachita kulengeza kuti kuponi ya $75 imene inkafala pa Facebook inali yabodza. Zotere nthawi zina cholinga chake n'kukuberani dzina, imelo ndi nambala ya foni. Mukakayikira, bungwe la Coupon Information Corporation limaika pawebusayiti yake makuponi abodza amene adziwika.

Boma la kuno nkhaniyi siliitenga mwamasewera. Mu 2021 mayi wina wa ku Virginia Beach, Lori Ann Talens, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 12 chifukwa chopanga makuponi abodza pakompyuta yake n'kumawagulitsa, ndipo masitolo ndi makampani analuza ndalama zoposa $31 miliyoni. Mwamuna wake anapatsidwa zaka zoposa 7. Mudzati iwowo anali akatakwe, ine ndangogwiritsa ntchito kapepala kamodzi. Koma mlendo alibe mpata wolakwitsa ngati mwini dziko. Mlandu wachinyengo, ngakhale wa ndalama zochepa, ukhoza kudzatulukira pofunsira green card kapena pokonzanso visa, ndipo loya wake angadye ndalama zoposa sopo wa zaka khumi.

Ine masiku ano pulinta ndinaipumitsa. Makuponi ndimasankha pa app ya sitoloyo, kaya ya Kroger, kaya mPerks ya Meijer imene a ku South Bend mukuidziwa bwino. Pakauntala ndimangolemba nambala ya foni, mtengo n'kutsika wokha, popanda wina woitana manijala.